Madontho Amene Bambo Akukana

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Paja munkati kugwira ntchito kunsi kwa mabasi tsiku lonse kwayamba kukukumbutsani kuti simulinso mnyamata. Nanga kamtsikana kanu kamene kanayamba sukulu, kakuikonda? Chithunzi chake ndinachiona. Mphumi imeneyo ndi ya malemu amayi yeniyeni.

Kuno tilipo. Alamu anu akuyendetsabe galimoto ija yogawa buledi, ndipo ana akukula moti nsapato sizichedwa kuwathina. Makina anga osokera akulirabe, kungoti ndinawasamutsira pabalaza. Chimene ndinawasamutsira ndicho chandikhazika pansi kuti ndilembe.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndisanapite patali. Mukaona mawu oti bambo, musapinde pepalali. Werengani mpaka pansi, kenako muchite zimene mtima wanu ukuuzeni.

Bambo akudwala, achimwene. Ndi khansa ya m'matumbo.

Anayamba kudandaula za m'mimba chaka chatha, koma mukuwadziwa, ankangoti ndi mpweya. Pamene tinkawakokera ku chipatala n'kuti chotupa chitakula. Anawachita opaleshoni, ndipo tsopano akulandira mankhwala amphamvu aja olowa kudzera m'diripi. Ndinawatenga kuti azikhala kwathu, m'chipinda chakumbuyo chimene ndinkasokeramo.

Adokotala akuti mankhwalawo akugwira ntchito ndipo matenda akubwerera m'mbuyo. Koma akuwazunza. Akachokera ku diripi amasanza mpaka kutsala madzi achikasu okha. Fungo la anyezi pamoto, fungo la sopo, ngakhale mafuta odzola a ana, zonsezi zimawadzutsira mseru. Ndikawaphikira phala lamadzimadzi amangolawa pang'ono n'kukankha mbale.

Munthu uja amene akangotulukira pakona anyamata onse ankabalalika, lero ndimachita kuwagwira mkono popita ku bafa. Lamba wawo anamuboola okha bowo lina ndi msomali, kenako linanso. Anthu a mumsewu mwathu amawatchabe kuti Sajeni ngakhale anapuma pa ntchito ya upolisi, koma akamawapatsa moni amatsitsa mawu.

Dokotala wawo ndi bambo wofatsa, wa imvi m'mbali mwa mutu. Anayesa mapiritsi oletsa kusanza a mtundu wina, kenako a mtundu winanso, koma sizinathandize kwenikweni. Tsiku lina anawakweza pa sikelo n'kuona mmene aondera. Kenako anati pali mankhwala ena amene amasungira odwala amene mapiritsi awakanika. Anati ndi madontho, amachepetsa mseru ndiponso amabweza chilakolako cha chakudya. Pomaliza anawonjezera, ngati nkhani wamba, kuti amapangidwa kuchokera ku chamba.

Mukanaona nkhope ya bambo. Anauza dokotalayo kuti abwereze. Atabwereza, anamufunsa ngati akudziwa kuti akulankhula ndi ndani. Iye anayankha mofatsa kuti akulankhula ndi wodwala wake amene akuonda tsiku ndi tsiku. Anafotokoza kuti lamulo linasintha. Kusuta ndi kugulitsa mumsewu ndi mlandu mpaka lero, koma mankhwala opangidwa ndi anthu okhala ndi chiphaso, olembedwa ndi dokotala, ndi ololedwa.

Bambo anatenga chipewa chawo n'kuimirira. Miyendo inawakana moti ndinachita kuwawakha, koma anatuluka ndithu.  Titafika kunyumba anangoti iwo atha moyo wawo wonse akuzula chomera chimenecho ndi kuchitentha, ndiye sangafe chili m'mimba mwawo.

Nkhaniyi inafika kwa azakhali, mlongo wawo wamkulu uja, ndipo mukudziwa kuti azakhali sadziwa kumva nkhani osachitapo kanthu. Anabwera Lamlungu masana akuchokera ku tchalitchi, atavalabe yunifolomu ya kwaya, kachikwama atakakumbatira pachifuwa. Anathamangitsira ana panja, n'kutseka chitseko cha pabalaza. Kenako anatulutsa buku la nyimbo, ndipo pansi pake panali pepala la shuga lokulungidwa bwinobwino, mkati mwake muli zitsamba zouma za chamba.

Anandinong'oneza kuti azipeza kwa munthu wina amene amadziwana ndi munthu wina. Akuti ndiwiritse ngati tiyi, ndithire shuga wambiri, ndipo mwiniwakeyo ndisamuuze.

Sanadziwe kuti chitseko cha chipinda cha bambo chinali chotsegula, komanso kuti mphuno ya wapolisi sipuma pa ntchito. Tinangomva mawu kuchokera pabedi: "Ndani walowetsa zimenezo m'nyumba muno?"

Anaitana azakhali kuti aime pafupi ndi bedi. Anayamba kuwafunsa dzina la wogulitsa, malo ake, ndi amene anawaperekeza. Azakhali anagwira m'chiuno n'kuwayankha kuti, "Ndimange iwe, mwina ungadzuke pabedipo!"

Bambo anaseka, koyamba chiyambire kudwala, mpaka kuseka kunasanduka chifuwa. Koma azakhali sanaseke. Anayamba kulira, akunena kuti abale awo onse anawaika m'manda, atsala ndi mmodzi yekhayu, ndipo sangakhale n'kumaonerera akufa ndi njala chifukwa cha yunifolomu imene anavula kalekale. Bambo anawasiya kuti alire mpaka atamaliza. Kenako analamula alamu anu kuti akataye pepalalo m'chimbudzi iwo akumva.

Nditamuuza dokotala nkhaniyi anati kutayako kunali bwino. Akuti za mumsewu palibe amadziwa mphamvu yake, zina zimakhala ndi nkhungu kapena mankhwala ophera tizilombo, ndipo thupi lofooka ngati la bambo likhoza kutengerapo matenda ena.

Komabe misozi ya azakhali inawafika bambo pamtima. Patapita masiku anandiuza kuti ulendo wotsatira wa ku chipatala akufuna kuonana ndi munthu amene amasunga mankhwala amenewo. Anandichenjeza kuti ndisasangalale, sakupita kukamwa, akupita kukafunsa mafunso.

Wosunga mankhwalayo ndi mayi wamsinkhu wanga, wovala magalasi, amene amapereka mankhwala pa windo la famase ya chipatala. Anatilowetsa m'kachipinda ka kuseri kwa windolo, mmene muli firiji yaikulu ndi kabati yokhoma. Anawapatsa bambo mpando wake, iye n'kukhala pa katoni. Bambo anaika chipewa pa bondo, ndipo ndinaona kuti Sajeni wabwerera pa ntchito.

Funso loyamba linali lakuti m'botolomo muli chiyani.

Mayiyo anati m'chomera cha chamba muli zinthu zambirimbiri za banja limodzi, ndipo zochuluka zimapezeka mu utomoni womata wa pa maluwa a chomera chachikazi. Zodziwika kwambiri ndi ziwiri. China amachitchula ndi zilembo zoti THC, ndipo ndicho chimaledzeretsa. Chinacho ndi CBD, sichiledzeretsa, ndipo madokotala ena amachipereka kwa ana odwala khunyu la mtundu wovuta limene mankhwala ena alephera.

Anatinso pali mtundu wa chamba umene amalima kuti apange zingwe ndi nsalu. Umenewo choledzeretsacho chilimo chochepa zedi, moti munthu akhoza kusuta munda wonse n'kungopindula chifuwa. Chimene chinandidabwitsa ine ndi chakuti thupi lathu limapanga lokha tinthu tofanana ndi timeneti, tothandiza pa njala, ululu ndi tulo. Akuti n'chifukwa chake chomerachi chikalowa m'thupi chimapeza malo okhala ngati okonzeratu.

Bambo anamvetsera bwinobwino, kenako anati, "Ndiye kuti pali wakuba, palinso mnzake wongomuperekeza."

Mayiyo anaseka n'kuvomera kuti tikhoza kutero. Ndinaona nkhope ya bambo ikumasuka. Anali atapeza khomo lotulukira. Anafunsa ngati madontho awowo ali a woperekeza uja.

Achimwene, ndinamuyang'ana mayi ameneyo ndi maso opempha. Akanangoti inde, bwenzi bambo atamwa tsiku lomwelo. Anandiona ndithu, koma anatembenukira kwa bambo n'kunena kuti, "Ayi bambo, sindingakunamizeni. Anuwa ndi a wakubayo."

Anafotokoza kuti chimene chimaletsa kusanza ndi kubweza njala ndi chomwecho chimene chimaledzeretsa. Kusiyana kwake n'kwakuti cha m'botolo ndi chochepa, choyezedwa, chodziwika mphamvu yake, ndipo dokotala amayang'anira. Anawachenjeza kuti akhoza kumva chizungulire kapena tulo. Anatsindikanso kuti madonthowo sachiza khansa, amangothandiza munthu kudya kuti apirire mankhwala ochizawo.

Tsiku limenelo ndinamukwiyira mayiyo. Lero ndimamulemekeza.

Kenako bambo anafunsa kuti chomerachi chinayamba liti kukhala mlandu. Iye anati anthu a maiko a kum'mawa anayamba kuchilima zaka zikwi zapitazo, akupanga zingwe, nsalu ndi mankhwala. Zombo zikuluzikulu zakale zinkayenda ndi zingwe ndi matanga opangidwa kuchokera ku chomwecho. Panali nthawi imene m'maiko ena ogulitsa mankhwala ankachiika m'mabotolo pa shelefu, poyera. Kenako maiko anagwirizana zochiletsa, ndipo lamulo linauma pafupifupi kulikonse. Tsopano ena akutsegula khomo la mankhwala lokha, ena atsegula kuposa pamenepo, ena akadali otseka ndi loko.

Bambo anapukusa mutu. Anati ndiye kuti agogo awo akubadwa chinali mankhwala, iwo akugwira ntchito chinali mlandu, pano akutha chabwereranso kukhala mankhwala, pomwe chomeracho chikungomera mmene chimamerera. Mayiyo anati n'zoona, ngakhale kuti cha masiku ano cha mumsewu n'champhamvu kuposa chakale. Anati chimene chimasinthasintha ndi zimene anthu akudziwa ndi zimene akuopa.

Ndinkaganiza kuti mafunso atha. Koma bambo anayamba kutembenuza chipewa pa bondo, ndipo mawu awo anatsika. Anafunsa za mnyamata wa msinkhu wa sukulu, wosuta tsiku lililonse, amene wayamba kusagona ndi kumanena kuti wailesi ikulankhula za iye. Anafunsa kuti pamenepo akuti bwanji.

Mayiyo sankadziwa kuti akunena za inu. Anayankha kuti ubongo wa wachinyamata umakhala ukukulabe, ndipo kusuta kwambiri kukhoza kuuvulaza. Kwa ena kumadzutsa matenda a maganizo amene mwina akanagona. Anati kholo loona zimenezo lili ndi chifukwa chochitira mantha.

Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wapambana mlandu. Koma mayiyo anali asanamalize. Anati mwana wotero amafunika dokotala mwamsanga, komanso abale ake pafupi.

Bambo anafunsa kuti, "Nanga chitokosi?"

Mayiyo anawayang'ana, ndipo ndikuganiza kuti pamenepo ndi pamene anazindikira. Anayankha motsitsa kuti pa zonse zimene anaphunzira sanaonepo chitokosi pa mndandanda wa mankhwala.

Achimwene, ine ndinali wamng'ono koma tsiku lija ndimalikumbuka. Unali m'mawa. Munali mutagulitsa simbi ya amayi, ndipo munaphwanya wailesi mukuikalipira. Bambo anapukuta nsapato zawo, anavala yunifolomu, n'kukugwirani padzanja. Sanakuikeni unyolo. Anayenda nanu msewu wonse, anthu ataima m'makomo, amayi akutsatira opanda nsapato mpaka pakona.

Iwo ankati mukagona m'chitokosi masiku ochepa muchita mantha n'kusiya. Koma nkhani itangolembedwa inachoka m'manja mwawo. Inapita ku khoti, inu munapita ku ndende, ndipo malo anu a sukulu anatha. Zimene munaona m'katimo simunatiuzepo, ndipo sindikufunsani lero.

Chimene ndikudziwa n'chakuti munadzuka. Munasiya, munaphunzira umakaniko, munapeza mkazi wabwino, mukulera ana. Zimenezo munazichita popanda dzanja la bambo, ndipo palibe angakulandeni.

Botolo tinabwera nalo kunyumba, popeza dokotala anali atalemba kale. Ndi laling'ono, labulauni, lili ndi kachubu koyezera. Ndinaliika pamwamba pa kabati m'chipinda chawo, pamene ana sangafike koma iwo amaliona ali chigonere. Mpaka lero silinatsegulidwe.

Loweruka lapitali kunabwera wometa kudzawameta ndevu. Ndi uja wa pakona, amene bambo anamumanga kawiri ali mnyamata. Tsopano ali ndi shopu yake ndi banja, ndipo atamva kuti Sajeni sakuyenda anadzipereka kumabwera kunyumba. Tinawakhazika pampando pakhonde, thaulo pakhosi. Wometayo atayika lezala pansi pa chibwano anati, "Sajeni, lero ndiye mwalowa m'manja mwanga." Tonse tinaseka.

Ali mkati mometa, bambo anamufunsa ngati ndende inamuthandiza kusiya chamba. Iye anaima n'kufunsa ngati akufuna yankho laulemu kapena loona. Bambo anati loona.

Anati m'ndende ndi mmene anaphunzirira kupichira chamba bwino, chifukwa akatswiri onse anali momwemo. Akuti anasiya patapita zaka, tsiku limene mkazi wake anamutuma ndi mwana wawo woyamba ku sikelo, iye n'kubwerera kunyumba yekha, mwana atamuiwala pa benchi ya chipatala. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo anamusiyitsa. Koma anati alibe nawo chifukwa a Sajeni, lamulo linali lamulo ndipo iwo anali pa ntchito.

 Wometa atapita bambo anandiitanira m'chipinda n'kundiuza kuti nditseke chitseko. M'moyo wanga wonse sanandiuzepo za kukhosi kwawo, choncho ndinakhala pamphepete pa bedi kuti ndimvetsere.

Anati, "Enawo ndinkawamanga chifukwa cha lamulo. Koma mchimwene wako uja, si lamulo limene linandituma. Ndinamutenga ndekha, ndikuganiza kuti ndikumuchiritsa."

Anayang'ana botolo lija kwa nthawi yaitali. Kenako anati sangamwe ndi supuni chinthu chimene anayendetsera mwana wawo mumsewu anthu akuonerera. Anati akatero ndiye kuti iwo apeza mankhwala pamene mwana wawo anapeza ndende. Sangathe, pokhapokha mwanayo atawauza yekha kuti amwe.

Ndikuuzeni zoona, sindinamve chisoni, ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti akukusenzetsaninso katundu amene ndi wawo. Ndinati njala yawo si malipiro, ndipo kufa kwawo sikungakubwezereni sukulu yanu kapena zaka zanu. Ndinati ngati ali ndi mawu oti akuuzeni akuuzeni okha, asabisale kuseri kwa kabotolo. Sindinawalankhulepo motero chibadwire, ndipo ndinkadikira kuti andikalipira.

Anangoti, "Wanena zoona, mwana wanga." Kenako anatembenukira ku khoma.

Alamu anu anati tingothira madonthowo m'phala mwakachetechete. Ndinakana. Bambo angadziwe, ndipo akadziwa sadzalandiranso ngakhale madzi kuchokera m'dzanja langa. Komanso ndatopa ndi zoti m'banja mwathu munthu azichiritsidwa mokakamizidwa.

Tsopano imvani chimene chandilembetsa mwachangu. Dokotala wanena kuti bambo akapitiriza kuonda, ulendo wa kumapeto kwa mwezi uno sadzawaikanso diripi, chifukwa thupi silingapirire. Diripi ikaima, matenda abwerera. Akuti sakulonjeza kuti madonthowo achita zodabwitsa, ena amawathandiza ena ayi. Koma ndi khomo lokhalo limene latsala losagogoda.

Ndakhala ndikuganiza kwambiri ndikamasoka. Ndimaona kuti bambo sanalakwe pochita mantha, chifukwa chinthu chija chinkakudyanidi ife tikuona. Analakwa mankhwala amene anasankha. Ndimaonanso kuti chomera chomwecho chimene chinatsala pang'ono kutilanda inu ndicho chikhoza kutisungira iwo. Mutu wanga umakanika kuzigwirizanitsa, koma zonse ziwiri ndi zoona.

Ndikudziwanso kuti chimene ndikupempha n'cholemera mbali ziwiri. Munalimbana zaka kuti chinthu chimenechi chichoke m'moyo wanu, ndiye lero mlongo wanu akuti muuze munthu kuti amwe. Ndipo munthuyo ndi amene anakuperekani. Ngati mwawerenga mpaka pano mukunjenjemera ndi mkwiyo, sindikudabwa.

Sindikukupemphani kuti muwakhululukire. Zimenezo ndi za inu ndi Mulungu wanu, ndipo sizichitika chifukwa choti wina walemba kalata. Sindikukupemphani kuti mukwere basi kubwera kuno, ngakhale kuti mphasa ndi bulangete zilipo mutafuna. Sindikunenanso kuti muyerekeze ngati palibe chinachitika.

Ndikungopempha kuti muimbe foni. Munene mawu awiri okha, akuti "Bambo, imwani." Mukafuna kudula pomwepo, dulani. Mukafuna kuwauza zonse zimene mwasunga zaka zonsezi, auzeni, ndikuganiza kuti tsopano ali ndi makutu. Ine ndidzatuluka m'chipindamo n'kutseka chitseko.

Mukasankha kukhala chete, mudzakhalabe achimwene anga. Sindidzakuwerengerani mlandu, ndipo aliyense wofuna kutero adzayamba wakumana ndi ine.

Tsiku lina sabata ino ndinawauza kuti ndikukulemberani. Anati ndisakukakamizeni, ndipo ndisawonjezere mchere pa matenda awo kuti mumve chisoni. Ndawamvera, zonse ndalembazi zili mmene zilili.

Koma madzulo ake, alamu anu atabwera ku ntchito, bambo anawaitana. Anatulutsa kafoni kawo kakale kaja pansi pa pilo n'kuwapempha kuti akakweze kulira kwake mpaka pamapeto, ati makutu awo sakumva bwino masiku ano. Tsopano kakalira nyumba yonse imadzidzimuka. Amakagwira ndi manja awiri, amayang'ana, ndipo nthawi zambiri amakhala azakhali.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndimawathokoza chifukwa chokusamalirani. Ana muwapsompsonere, ndipo muwauze kuti kuno ali ndi azakhali osoka madiresi amene akungodikira miyezo yawo. Alamu anu ndi ana akupereka moni. Azakhali akuti akukupemphererani, ndipo akuti nkhani ya pepala la shuga isafike ku kwaya.

Mulungu akusungeni pa ntchito yanu, akupatseni mtendere powerenga ndi nzeru poyankha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira wa amayi